Mmene tingaphunzitsire ophunzira a zaumoyo kugwiritsa ntchito AI popanda kuika wodwala pachiswe

Malangizo awa ndi a ife amene timalandira ophunzira a m'mayunivesite akabwera kudzaphunzira ntchito ya chipatala kuno ku Mangochi: aphunzitsi a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, madokotala, ma clinical officer, anamwino ndi azamba amene timayenda nawo m'mawodi pachipatala cha boma, ku Monkey Bay, ku St Martin's ku Malindi, kapena m'zipatala zing'onozing'ono monga Lungwena ndi Namwera. Achinyamata athuwa AI, mapulogalamu a kompyuta amene amayankha mafunso ngati munthu, ali nayo kale m'thumba. ChatGPT inatuluka kumapeto kwa Novembala 2022, Google ili ndi Gemini, ndipo kuyambira 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp momwe muja timatumizirana ndandanda ya ntchito. Kompyuta sikufunikanso, kabandulo ka Airtel kapena TNM n'kokwanira.

Anzathu ena akufuna kungoletsa, ndipo nkhawa yawo ndikuimvetsa. Koma mukaletsa, wophunzira amakafunsa foni kuseri kwa chitseko, n'kubwera kwa inu ndi yankho ngati latuluka m'mutu mwake. Chobisika simungachiwongole. Komanso zida zimenezi si zachabe. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa: AI imatha kufotokozera wophunzira mmene impso zimagwirira ntchito pakati pa usiku, kubwereza kangapo osatopa. Chokhacho n'chakuti mlendoyu sanapondepo ku Makanjira, sadziwa zimene zili m'kabati ya mankhwala ku Lungwena, ndipo wodwala akavulala mlendoyu sangaitanidwe ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council. Woitanidwa amakhala amene anasaina m'buku la wodwalayo.

Choncho chimene tikuphunzitsa ndi dongosolo la kaganizidwe. Wophunzira aone wodwala n'kuganiza yekha kaye, makina awafunse pambuyo, yankho alitsimikize m'malangizo a dziko lino, ndipo akhale wokonzeka kufotokoza chiganizo chake foni ili m'thumba.

Choyamba: yambani ndi foni yanu

Ophunzira asanafike, khalani pansi ndi mapulogalamu awiri kapena atatu n'kuwafunsa mafunso amene mayankho ake mumawadziwa ngakhale akudzutseni kutulo. Pena mudzadabwa ndi kulondola kwake, pena mudzaona bodza lolembedwa mwaluso. Jambulani sikirini ya mayankho onse awiri, chifukwa zimenezo ndiye zida zanu zophunzitsira. Tsiku loyamba la kalasi gawani timapepala topanda dzina, aliyense alembe pulogalamu imene amagwiritsa ntchito ndi zimene amaifunsa. Auzeni momveka kuti palibe chilango. Akangomva kuti mukuwatchera msampha, zonse zotsatirazi sizigwira.

Chachiwiri: afotokozereni chimene chili m'katimo

Ambiri amaganiza kuti pulogalamuyi ili ndi kabati ya mabuku a zamankhwala imene imatsegula ikafunsidwa. Si mmene zilili. Inaphunzitsidwa ndi mulu waukulu wa zolemba, ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu amene alembedwa kale. N'chifukwa chake chiganizo chake chimatuluka chosalala kaya ikunena zoona kaya ikupeka. Munthu amene sakudziwa amadodoma, amakanda m'mutu, mawu ake amanjenjemera. Makina alibe zizindikiro zimenezi, ndipo apa m'pamene wophunzira wa chaka choyamba amagwera.

Musangowauza, aone okha. Lembani funso limodzi pa bolodi, aliyense alilembe pa foni yake chimodzimodzi, kenaka awerenge mayankho mokweza. Adzamva kusiyana, nthawi zina ngakhale pa pulogalamu imodzimodziyo. Mukatero afunseni kuti: "Mmodzi mwa inu akanakhala yekha pa ntchito ya usiku, akanadziwa bwanji kuti lake ndiye lolondola?" Musafulumire kuyankha funsolo. Asiyeni alimbane nalo.

Auzeninso kumene zolemba zambiri zinachokera. Zochuluka n'za Chingerezi, zolembedwa ku America ndi ku Ulaya, zokhudza odwala a kumeneko ndi zipatala za kumeneko. Ngakhale zithunzi za matenda a pakhungu zimene zili m'mabuku ndi pa intaneti, zambiri n'za anthu a khungu loyera.

Chachitatu: chinsinsi cha wodwala

Phunziro ili lisadikire. Lichitike wophunzira asanakhudze wodwala aliyense, chifukwa uthenga ukalowa m'pulogalamu sungaitanidwenso kuti ubwerere. Zimene munthu walemba zimapita kumakompyuta a kampani kunja kwa dziko lino, ndipo mapulogalamu ena, makamaka aulere, amasunga zokambiranazo n'kuzigwiritsa ntchito pophunzitsa makina awo ngati munthu sanatseke yekha.

Lamulo lake likhale losapita m'mbali. Dzina la wodwala, mudzi, mfumu yake, nambala ya foni, nambala ya ku ART, tsiku lobadwa, chithunzi cha nkhope, chithunzi cha buku la kuchipatala, cha faelo kapena cha rejista, zonsezi zisalowe. Chithunzi cha bala kapena cha X-ray nachonso chisalowe, chifukwa kawirikawiri pamakhala dzina pakona kapena chipsera chodziwika.

Koma ophunzira ambiri amaganiza kuti akachotsa dzina ndiye kuti athana nazo. Awonetseni chiganizo ichi: "Mayi wa zaka 34, mphunzitsi wa pulayimale ku mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, woyembekezera mapasa, ali pa ma ARV." Mulibe dzina, koma aliyense wa kudera limenelo angamuloze. Kuno anthu timadziwana, wogulitsa usipa pamsika ndi mlamu wake wa mlonda wa pachipatala. Apatseni ziganizo zingapo zotere, asinthane m'magulu, azichepetse mpaka patsale zokhazo zimene funso la zamankhwala likufuna: "mayi wa zaka za m'ma 30, woyembekezera, ali pa mankhwala akutiakuti." Nthawi zambiri adzapeza kuti funso lawo silimafuna wodwala weniweniyo nkomwe, limafuna mfundo ya matendawo.

Atchulireni malamulo ndi mayina ake. Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ikuyang'anira, imaika uthenga wa umoyo wa munthu m'gulu la zofunika chitetezo chapadera. HIV and AIDS Prevention and Management Act ya 2018 imaletsa kuulula za mthupi mwa munthu pa nkhani ya HIV iye asanavomere. Ndipo poti mwayamba nkhaniyi, ikhudzeninso magulu a WhatsApp a kalasi, chifukwa chizolowezi chojambula mafaelo chinayambira kumeneko AI isanabwere.

Chachinayi: aphunzitseni kugwira makina akulakwitsa

Pa zonse, apa ndi pamene ndikupempha kuti muthere nthawi yambiri. Konzani nkhani za odwala ongoyerekeza, zofanana ndi zimene timaona kuno, ndipo nthawi zonse dongosolo likhale limodzi: mafoni pansi, aliyense alembe maganizo ake pa pepala, kenaka ndiye afunse makina.

Nkhani yoyamba ikhale ya mnyamata wa zaka 11 amene wakhala akuona magazi kumapeto kwa mkodzo kwa milungu itatu, thupi silikutentha. Akalemba zawo, afunse AI mosatchula kumene mwanayo amakhala. Kawirikawiri idzandandalika matenda a m'chikhodzodzo, miyala ya mu impso, kutupa kwa impso, n'kulangiza zoyeza zimene pa health centre palibe. Kenaka afunsenso ataonjezera kuti mwanayo amasamba ndi kuwedza m'nyanja ya Malawi tsiku ndi tsiku. Likodzo lidzakwera pamwamba pa ndandanda. Afunseni tsopano kuti chasintha yankho n'chiyani. Ndi funso limene wophunzira anafunsa mwana kapena mayi ake. Makina sangadziwe za nyanjayo ngati munthu sanakhale pansi n'kufunsa. Akatero atsegule buku la Unduna wa Zaumoyo la Malawi Standard Treatment Guidelines, apeze mankhwala a likodzo a praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, awerengere okha mlingo wa mwana wa makilogalamu 30, ndiponso anene chimene angauze makolo za kubwerera m'madzi omwewo, podziwa kuti banja la msodzi silingasiye nyanja chifukwa choti dokotala wanena.

Nkhani yachiwiri ndi ya malungo, ndipo muziisintha pang'onopang'ono. Mwana wa zaka zitatu, makilogalamu 13, kachipangizo koyezera magazi ka mRDT kasonyeza malungo, akudya ndi kumwa bwinobwino. Yankho ndi LA, m'bulu umodzi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Sinthani sikelo ikhale makilogalamu 16, mibulu ikhala iwiri. Kenaka nenani kuti mwana wa makilogalamu 13 uja wakomoka kawiri ndipo akusanza chilichonse. Amenewo ndi malungo aakulu, pakufunika jakisoni wa artesunate, ndipo popeza mwanayo sanafike makilogalamu 20, mlingo wake ndi mamiligalamu 3 pa kilogalamu, osati 2.4 wa ana okulirapo ndi akuluakulu. Pa sitepe iliyonse ayerekeze pepala lawo, yankho la makina ndi buku la malangizo. Pamene zitatuzi zasiyana, aime n'kupeza chifukwa.

Pali mayesero awiri amene amatsegula maso kwambiri. Loyamba, wophunzira afunse funso lokhala ndi cholakwika m'kati mwake, monga kufunsa mlingo wa chloroquine wa mwana wa malungo osatchula dziko. Dziko lino linasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba SP, ndipo mu 2007 linasamukira ku LA. Aone ngati makina amuchenjeza kapena angomupatsa manambala. Lachiwiri, makina akapereka yankho lolondola, wophunzira awatsutse mwamphamvu kuti alakwitsa. Nthawi zina amapepesa n'kusintha yankho labwinolo kuti agwirizane ndi wofunsayo. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso ake sadzatenganso kuvomereza kwa makina ngati umboni woti iye akulondola.

Pa nkhani ya mlingo wa mankhwala musanyengerere. Awerengere ndi cholembera, atsimikize m'buku, ndipo kwa mwana kapena mankhwala a m'diripi, munthu wachiwiri aone asanaperekedwe. A Sista amene akhala m'wodi ya ana zaka zambiri amagwira zolakwika zimene foni singaone, monga sikelo imene yalembedwa molakwika pa khomo lolandirira odwala.

Chachisanu: awonetseni kokatsimikizira

Kungonena kuti "tsimikizani" sikuthandiza ngati simunanene kuti atsimikize kuti. Aliyense akhale ndi mabuku a Unduna wa Zaumoyo osungidwa mufoni kuti azitseguka ngakhale netiweki itasowa kapena magetsi atathima: Malawi Standard Treatment Guidelines, malangizo a HIV, a chifuwa chachikulu, a malungo, ndi matchati a IMCI, ndondomeko yoyezera ndi kuthandizira ana odwala. AI ikasiyana ndi buku la Unduna, tsatirani buku. Buku likanena zina koma wodwala akuoneka mwina, itanani wamkulu amene ali pa ntchito. Wophunzira adziwe kuti kudzutsa dokotala usiku si manyazi, ndipo ife akuluakulu tisamakalipe tikadzutsidwa, chifukwa wokalipiridwa kamodzi ulendo wina adzafunsa foni.

Pa maumboni a kafukufuku pali vuto lina. Mapulogalamuwa amatha kupeka mutu wa pepala, mayina a olemba, chaka ndi magazini, zonse zooneka zenizeni. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipiritsa maloya chindapusa chifukwa chopereka milandu yakale imene ChatGPT inapeka. Yesani izi m'kalasi: gulu lililonse lipemphe AI mapepala asanu a kafukufuku wa likodzo kapena wa kunyentchera kwa ana m'boma la Mangochi. Boma lino lafufuzidwa kwambiri, makamaka ku Lungwena ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, choncho mapepala enieni alipo. Pepala lililonse alifufuze pa intaneti, pa PubMed, pa Google Scholar ndi mu Malawi Medical Journal, n'kuligawa patatu: lilipo ndipo likunenadi zimenezo, lilipo koma likunena zina, kulibe. Mtundu wachiwiriwo ndiwo woopsa kwambiri, chifukwa munthu akaona kuti pepalalo lilipo amasiya kuliwerenga.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene foni siyenera kutuluka

Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Munthu wobwera atanyamulidwa, maso atalowa, mtsempha ukumveka patalipatali, amafuna diripi ya Ringer's lactate nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mayi amene akutaya magazi atangobereka, kapena mwana amene akukomoka. Zinthu izi zikhale m'mutu ndi m'manja: zizindikiro zoopsa za IMCI, kupuma kofika 50 pa mphindi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, mkono wochepera masentimita 11.5 pa tepi ya MUAC yoyezera kunyentchera kwa ana, kusisita chiberekero ndi kupereka jakisoni wa oxytocin kwa mayi wotaya magazi. Ziyeseni pa zidole ndi pakamwa mpaka zizituluka zokha. Pamaso pa wodwala amene akulankhula nanu, foni isakhale pakati panu.

Chachisanu ndi chiwiri: uthenga wopita kwa anthu

Ophunzira akapatsidwa ntchito yokonza phunziro la zaumoyo la ku sikelo ya ana kapena ya amayi oyembekezera, ambiri amathamangira ku AI. Kuwathandiza kusanja mitu palibe vuto. Vuto limayamba pa chilankhulo ndi pa zitsanzo. Makinawa anaphunzira Chichewa chochepa, Chiyao chochepa koposa, pamene anthu ambiri a m'boma lino, makamaka agogo ndi amayi a kumidzi, amamva bwino m'Chiyao. Zotuluka zimatha kuoneka ngati Chichewa koma tanthauzo litapotoka. Choncho uthenga uliwonse uwerengedwe kaye pamaso pa mlangizi wa zaumoyo wa deralo kapena namwino wolankhula chilankhulocho, kenaka uyesedwe pa anthu awiri kapena atatu odikirira odwala, afotokoze m'mawu awo zimene amva. Malangizo a kamwedwe ka mankhwala asamasuliridwe ndi makina.

Zakudya nazo aziunike. AI ikalangiza zakudya za mwana wonyentchera kapena za munthu wa matenda a shuga imatchula zinthu zimene pamsika wa Namwera simungazipeze. Wophunzira alembenso ndi usipa, utaka, nyemba, nandolo, nsinjiro, bonongwe, chisoso ndi phala la mgaiwa, ndipo adziwe nthawi imene mwana akufunika Chiponde cha kuchipatala, osati malangizo a zakudya okha.

Pali chinanso chimene makina safunsa ngati sanauzidwe. Odwala athu ambiri ndi Asilamu ndipo amasala m'mwezi wa Ramadan. Bambo wa matenda a shuga amene akumwa glibenclamide n'kusala tsiku lonse, shuga wake akhoza kutsika moopsa. Wophunzira aphunzire kufunsa za kusala mwaulemu mwezi usanafike, n'kukambirana ndi dokotala za kusintha nthawi kapena mlingo wa mankhwala.

Chachisanu ndi chitatu: zida zimene zikulowa m'zipatala

Ophunzira asaganize kuti AI ndi mapulogalamu ochezera okha. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kugwiritsa ntchito makompyuta owerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Chida chotere chimayesedwa pa ntchito imodzi yokha, ndipo chikaloza munthu, makhololo ake amayenerabe kukayezedwa. Achinyamatawa mawa adzakhala ma DHO, oyang'anira zaumoyo m'maboma, ndi akuluakulu a ku Unduna amene makampani adzawagogodera ndi zida zatsopano, choncho aphunzire mafunso oyenera panopa. Chidachi chinayesedwa pa anthu ati, ndipo munali anthu onga athu, ambiri a iwo okhala ndi HIV kapena zipsera za TB yakale? Chimaphonya odwala angati, nanga chimanamizira angati? Zithunzi zimasungidwa kuti, ndipo mwini wake ndani? Netiweki ikapita chimagwira? Pulojekiti ikatha adzalipira ndani?

Apatseni chitsanzo cha ku America chimene chinasindikizidwa mu magazini ya Science mu 2019. Pulogalamu ina yosankha odwala ofunika chisamaliro chapadera inkayeza kudwala kwa munthu poona ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito pa iye. Popeza anthu akuda ankalandira chithandizo chochepa kale, pulogalamuyo inkawaona ngati sakudwala kwambiri. Afunseni ophunzira kuti zotere zingachitike bwanji kuno. Adzafika okha pa mfundo yoti munthu wa ku Makanjira, amene msewu umamutsekera nthawi ya dzinja, amaoneka kochepa m'marejista kuposa wa pa boma, ndipo makina ophunzira kuchokera m'marejistawo angaganize kuti kumeneko kulibe matenda. WHO inatulutsa malangizo a chikhalidwe choyenera pa AI mu zaumoyo mu 2021, ndi ena okhudza mapulogalamu onga ChatGPT mu Januwale 2024. Ndi abwino kuwawerengera m'magulu, koma pambuyo poti ophunzira alimbana ndi zitsanzo za kwathu.

Chachisanu ndi chinayi: asainimenti, mayeso ndi kafukufuku

Pa ntchito iliyonse imene mwapereka, lembani pamwamba gulu lake. Pali ntchito zimene AI siloledwa nkomwe, monga mayeso olemba, mayeso a ntchito ya manja a OSCE ndi kulemba mbiri ya wodwala amene wamuona. Pali zimene iloledwa koma wophunzira anene, monga kukonza galamala kapena kusanja mitu. Pali zimene mwachita kumutuma kuigwiritsa ntchito kuti aunike yankho lake. Pa gulu lachiwiri ndi lachitatu, kumapeto alembe mizere iwiri: pulogalamu imene anagwiritsa ntchito, pa chiyani, ndi zimene anasintha kapena kukana. Wonena zoona asachotseredwe malikisi chifukwa chonena, apo ayi onse adzaphunzira kubisa.

Chonde musaweruze wophunzira potengera mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi AI. Kampani ya OpenAI inachotsa chida chake chotere mu Julayi 2023 chifukwa sichinkalondola mokwanira, ndipo chaka chomwecho akatswiri a ku Stanford anapeza kuti zida zimenezi zimanamizira kwambiri anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba. Amenewo ndi ophunzira athu onse. Njira yachilungamo ndi kumuitana mphindi zisanu n'kumufunsa: "Tafotokozani, n'chifukwa chiyani mwasankha mankhwala awa? Wodwalayu akanakhala woyembekezera mukanasintha chiyani?" Amene anaganiza yekha amayankha ngakhale mwachibwibwi. Amene anangokopera amaima pa funso lachiwiri, ndipo pamenepo mumakhala ndi poyambira kumuthandiza.

Pa kafukufuku, zimene zatoleredwa kwa anthu, kaya m'mafomu, m'marejista kapena mu DHIS2, pulogalamu ya Unduna yosungira ziwerengero za zipatala, zisaikidwe m'pulogalamu ya AI ngati ndondomeko imene komiti yovomereza kafukufuku ya COMREC kapena NHSRC inavomereza sikunena zimenezo. Mawu ojambulidwa pa zokambirana za m'midzi nawonso ndi chinsinsi cha eni ake. Manambala onse a mu lipoti achokere mu deta, wophunzira athe kuonetsa mmene anawapezera. Magazini a zamankhwala salola kuti AI ilembedwe ngati mlembi, chifukwa singayankhe mlandu pa zimene zalembedwa.

Chakhumi: wodwala amene wabwera ndi yankho lake

Odwala nawo ali ndi mafoni. Mwana wa ku sekondale amafunsira agogo ake, msodzi wa ku Monkey Bay amafika atatsimikiza kale dzina la matenda ake. Yesezani zimenezi m'kalasi, wina akhale wodwala, wina dokotala. Kunyoza sikuloledwa, chifukwa wonyozedwa sabweranso. Wophunzira anganene kuti: "Amayi, mwachita bwino kufufuza. Ndingaone nawo zimene foniyo yanena? Tiyeni ndikuyezeni kaye, kenaka tione limodzi pamene zikugwirizana ndi thupi lanu." Afunsenso ngati ayamba kale kumwa mankhwala ogula pa golosale potsatira malangizo a foniyo, makamaka maantibayotiki, n'kulemba m'buku.

Pomaliza: pepala limodzi la mgwirizano

Zonsezi muzilembe pa tsamba limodzi, ophunzira athandize kulemba, aliyense asaine, ndipo kope lipite kwa in-charge wa wodi iliyonse imene akukagwirako, kuti malamulo a m'kalasi ndi a m'wodi akhale amodzi. Patsambalo pakhale zosaloledwa kulowetsa m'makina, malo amene foni situluka, mabuku otsimikizira, kanenedwe ka pa asainimenti, ndi munthu wokamuuza ngati wina walowetsa uthenga wa wodwala mwangozi. Wodzinena yekha msanga athandizidwe kufufuta zokambiranazo ndi kudziwitsa woyang'anira, asachititsidwe manyazi pagulu.

Kumbukirani kuti si onse ali ndi foni yamphamvu kapena ndalama ya bandulo, ndipo ndi ochepa angalipire mapulogalamu a mwezi ndi mwezi. Ntchito zofuna AI zichitike m'magulu a anthu atatu kapena anayi, pamalo pamene pali Wi-Fi ya sukulu, ndipo malikisi asadalire pulogalamu yolipira. Ikani kope limodzi m'kalasi momwe ophunzira azilembamo yankho lolakwika lililonse limene agwira, tsiku, pulogalamu yake ndi tsamba la buku limene lawatsimikizira. Mapulogalamuwa amasintha miyezi ingapo iliyonse, cholakwika cha chaka chino mwina chaka chamawa chidzakhala chitakonzedwa n'kubuka china. Choncho gulu latsopano likafika, funsaninso mafunso a m'kopemo, chotsani zitsanzo zimene zatha ntchito, ndipo tsamba la mgwirizano mulikonzenso limodzi ndi a in-charge ophunzira asanalowe m'mawodi.